Kudula kanema kumunsi kwa phiri: zomwe ndaphunzira pakati pa Nchalo ndi Bangula

Achinyamata ambiri akandipeza pa Nchalo, kapena akandilembera pa WhatsApp, funso lawo limakhala limodzi: "Achimwene, mumaeditira pulogalamu yanji?" Ndimawauza, poti si chinsinsi. Ndinayambira pa foni ndi KineMaster, kenako CapCut, ndipo pano ndimagwiritsa ntchito DaVinci Resolve, yomwe mtundu wake waulere ndi wokwana kukonzera filimu yathunthu. Koma akatembenuka kumapita ndimatsala ndikudandaula, chifukwa funso lomwe likanawathandiza salifunsa. Funso lake ndi ili: shoti iyi (kachigawo ka kanema kojambulidwa kamera osaiimitsa) ikhale nthawi yaitali bwanji, ndipo ikatha pabwere iti? Palibe pulogalamu imene ingakuyankheni zimenezo.

Sukulu yanga yoyamba inali nyumba ya vidiyo, ija ya mabenchi ndi jenereta yolira kuseri. Masana ankaika akarati a ku Hong Kong, madzulo a ku Nigeria. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti pali munthu amene ntchito yake ndi kudula ndi kulumikiza zithunzi, koma thupi linkamva kusiyana kwake. Mu akarati aja kamera imakhala patali, munthu umamuona thupi lonse, kuyambira pomwe wanyamula mwendo mpaka pomwe wafikira. Amadula pomwe chibakera chatera, ndipo nyumba yonse inkakuwa nthawi imodzi. Mu a ku Nigeria a masiku amenewo, galimoto ikafika pageti timaonerera mlonda akuthamanga, akutsegula chitseko china, kenako chinacho, galimoto ikulowa, ikuima, bwana akutsika. Munthu unkatha kutuluka kukagula nzimbe n'kubwerera usanaphonye kalikonse. Atabwera ma DJ oyankhula Chichewa pamwamba pa filimu, ndinazindikira kanthu kena komwe mpaka lero kamandithandiza. Nkhani ikamayenda, DJ amangoitsata. Akayamba nthabwala zake zosakhudzana ndi zomwe zikuoneka, dziwani kuti pamenepo mkonzi anagona, ndipo DJ akutseka dzenje.

Ndalama yoyamba ndinaipeza pa maukwati ndi makwaya, monga aliyense kuno. Musanyoze ntchito imeneyi. Ukwati wanga woyamba unali ku Ngabu, ndipo ndisanayatse n'komwe kamera, mayi a mkwatibwi anandiitanira pambali. "Mwanawe," anatero, "aliyense amene aponye ndalama pa perekaniperekani aoneke nkhope. Ena achoka ku Marka, ena awoloka kuchokera kutsidya kwa Shire. Asadzati sitinawaone." Amene amaphunzitsa pa YouTube angakuuzeni kuti perekaniperekani wa maola awiri mumufupikitse akhale wa mphindi imodzi, muikepo nyimbo. Kwa mayi aja kanema wotero ndi wachabechabe. Iwo safuna filimu, akufuna kaundula wa ubale, woti azakhali akadzabwera kudzacheza adzadzione akuvina. Choncho masiku ano ndimapereka ziwiri: yaitali ya makolo, ndi yaifupi yothamanga ya akwati yoika pa Facebook. Zithunzi ndi zomwezo, kadulidwe n'kosiyana, chifukwa oonera ndi osiyana. Musanakhudze timeline, mzere wa mu pulogalamu womwe mumayalapo mashoti, dziwani kaye amene adzakhale kutsogolo kwa kanemayo.

Za mitima youluka, nyenyezi zophulika ndi masamba otembenuka pakati pa mashoti ndingonena mwachidule. Makwaya ena amazikonda, ndipo wolipira akafuna ndimaika. Mu ntchito yanga sindiika.

Chomwe chinanditsegula m'maso ndi nkhani ya Lev Kuleshov, mphunzitsi wa zamafilimu wa ku Russia, yemwe anachita kafukufuku wake zaka pafupifupi 100 zapitazo. Anatenga shoti imodzi ya nkhope ya katswiri wa zisudzo Ivan Mosjoukine, nkhope yosaseka, yosalira. Anailumikiza ndi mbale ya supu, kenako ndi bokosi la maliro, kenako ndi mayi atagona pa mpando. Oonera anayamikira luso la bamboyo: apa ali ndi njala, apa ali ndi chisoni, apa akusirira. Chonsecho nkhope inali imodzimodzi. Ine sindinakhulupirire mpaka nditayesa ndekha. Ndinajambula amalume atakhala pansi pa mtengo wa masawu, akungoyang'ana kutsogolo. Ndinawalumikiza ndi mbale ya nsima ya mlamba, kenako ndi sikelo yogulira thonje, kenako ndi ng'ombe zikudutsa pamsewu. Anzanga atatu ndinawaonetsa padera padera. Wina anati madalawa njala yawapweteka. Wina anati akudandaula mtengo wa thonje. Wachitatu anati akunyadira ziweto zawo. Amalume nditawauza anaseka, amvekere: "Mphwanga, inetu ndimangodikira umalize ndikasambe."

Tinaseka tonse. Koma mu Malichi 2023, namondwe Freddy atadutsa, nkhani yomweyi inasiya kuseketsa.

Bungwe lina lothandiza anthu linandilemba ganyu yojambula m'misasa ya anthu othawa madzi ku Nsanje. Pakati pa zomwe ndinajambula panali mayi wina ataima pafupi ndi tenti, mwana kumbuyo, nkhope itakwinyika. Ndinalipo, ndiye ndikudziwa chomwe chinakwinya nkhopeyo: dzuwa. Amayang'ana kumene kunali mwana wawo wamkulu, yemwe anapita kukatunga madzi. Mayi omwewo m'mawa mwake anali atandionetsa mbewu ya chimanga yomwe anaipulumutsa ataimanga m'chitenje, yoti akadzale kudimba madzi akaphwa, monga amachitira anthu a kuno chaka ndi chaka. Amene anandilemba ganyu anafuna kuti nkhope ija ndiiike pambuyo pa shoti ya matumba a ufa akutsitsidwa m'galimoto, ndiichedwetse, pansi pake ndiike nyimbo ya piyano yachisoni. Mukatero, mwapanga mayi wopempha, woyang'ana ufa ndi maso a njala. Palibe bodza limene mwajambula, shoti iliyonse ndi yoona, koma polumikizira pake mwanama.

Ndinakambirana nawo mwaulemu. Ndinawaonetsa mitundu iwiri. Mu wachiwiri, nkhope ya mayi aja inkatsatiridwa ndi mwana akubwera ndi chigubu cha madzi, kenako manja awo akumasula chitenje cha mbewu, ndipo matumba a ufa ankabwera pambuyo pake, ngati chinthu chowathandiza kufika nthawi yokolola. Anatenga wachiwiri, ngakhale piyano ija anaiumirira ndipo inalowa. Ndinaona kuti ndapambana theka. Ndikulemba izi chifukwa aliyense wojambula kuno kuchigwa tsiku lina adzaitanidwa pa ntchito ya madzi osefukira. Zinachitika mu 2015, mu 2019, mu 2022, mu 2023. Anthu a ku Blantyre ndi a kunja amatidziwa kudzera m'zithunzi zimenezi basi, ndipo amene amasankha kuti pambuyo pa nkhope ya agogo anu pabwere chiyani ndi munthu wokhala pa laputopu. Ndi bwino munthuyo akhale inu, wodziwa kuti nkhopeyo imayang'ana chiyani.

Sergei Eisenstein, wa ku Russia komweko, ankakhulupirira kuti mashoti aziwombana kuti abale ganizo latsopano m'mutu mwa woonera, ndipo chigawo cha pa masitepe a ku Odessa, cha m'filimu yake ya mu 1925 yotchedwa Battleship Potemkin, amachiphunzitsabe m'masukulu a mafilimu. Chioneni, chili pa intaneti. Koma muchione mukudziwa kuti iye ankapanga mafilimu okopa anthu kutsata maganizo a boma lake. Luso lake ndi la kukankha mtima wa munthu kupita komwe wodulayo akufuna.

Filimu yangayanga yoyamba, yosalipidwa ndi aliyense, inali ya bambo wina wowolotsa anthu pa bwato pa Mtayamoyo, pafupi ndi Bangula. Chidulire madzi njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, anthu opita ku Makhanga ndi madera ena a kutsidya amadalira mabwato, ndi njinga zawo, mbuzi zawo, matumba awo, nthawi zina ndi odwala. Chomwe chinandilimbitsa mtima kuti nkhani yotere ndi filimu ndi Ousmane Sembène wa ku Senegal. Iyeyu anayamba ndi kulemba mabuku, n'kuona kuti anthu ambiri a kwawo sangawawerenge, ndiye anakaphunzira zamafilimu ku Moscow. Filimu yake yaifupi ya mu 1963, Borom Sarret, ndi ya tsiku limodzi la munthu woyendetsa ngolo mu mzinda wa Dakar. Mulibe mfuti, mulibe kuthamangitsana. Ndinati ngati woyendetsa ngolo akwana kukhala filimu, wopalasa bwato alekerenji? Kuno kwathu ndinaonanso The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya mu 2012, ndipo ndinaona kuti madzi ndi bwato akazipatsa nthawi pa sikirini, woonera satopa.

Vuto linali pa kadulidwe. Dzanja langa linazolowera mavidiyo a nyimbo, momwe shoti imasintha pa kugunda kulikonse kwa ng'oma. Bwato silitero. Bambo aja akabaya pansi ndi mtengo wawo wautali, amatsamira, bwato n'kusuntha, kenako amazula mtengo uja, madzi akuchucha, n'kubayanso. Ukadula pakati pa kutsamira ndi kuzula, woonera samva kulemera kwa ntchitoyo. Ukasiya kubaya kasanu motsatizana, wayamba kuyang'ana foni yake. Ndiye udule pati?

Apa ndi pomwe Walter Murch anandithandiza. Iyeyu ndi mkonzi wa ku America amene anapata mphoto ziwiri za Oscar pa filimu imodzi, The English Patient ya mu 1996, ina ya kadulidwe ina ya mawu. M'buku lake anatchula zinthu zisanu ndi chimodzi zoti uziganizire podula, n'kuzipatsa mlingo. Zomwe woonera akumva mumtima anazipatsa 51 pa 100 iliyonse, kupititsa nkhani patsogolo 23, kayendedwe ka nthawi 10, ndipo zotsalazo, monga komwe diso la woonera lili ndi kulondola kwa malo, anazigawira zochepa. Kutanthauza kuti ngati shoti ili ndi mtima, ngakhale kapu yomwe inali kudzanja lamanja yapezeka kumanzere, isiyeni. Ananenanso kuti munthu amaphethira akamaliza ganizo limodzi n'kuyamba lina, ndipo malo abwino odulira amakhala pafupi ndi pamenepo. Ndinabwerera ku mashoti anga n'kusiya kuyang'ana mtengo wopalasira, ndinayamba kuyang'ana maso a bambo aja. Akamaliza kukankha ankaponya maso kutsogolo kuona komwe madzi akukokera, n'kuphethira. Ndinadula pamenepo, ndipo zinakhala.

Nditaganiza bwino ndinaona kuti zimenezi ndinazimvapo kale, kwa agogo anga aakazi akamaimba nthano. Akati "Padangokhala," sankapitiriza mpaka ife titayankha "Tili tonse." Pomwe kalulu wathina, ankafulumira, ife kuyankha mopikisana ndi mpweya. Pomwe pali zoopsa ankaima, n'kutisiya tidikire. Kudula kuli chimodzimodzi: shoti iliyonse ndi chiganizo, ndipo usanaike yotsatira uyenera kumva woonera akuvomera. Ukafulumira wamusiya m'mbuyo, ukachedwa wagona.

Mtsinje unandiphunzitsanso lamulo lomwe m'mabuku amalitchula kuti la madigiri 180. Ngati bwato likuchoka kumanzere kwa sikirini kupita kumanja, lipitirire choncho mpaka lifike. Tsiku lina ndinajambula ndili gombe la ku Bangula, tsiku lina ndili kutsidya. Nditalumikiza, bwato linkaoneka ngati lapita n'kubwerera pakati pa madzi. Mng'ono wanga ataona anafunsa kuti, "Kodi aiwala katundu?" Njira yake ndi kuika pakati shoti yojambulidwa uli m'bwato momwemo, kuyang'ana kutsogolo, kapena ya pafupi ya manja. Diso la woonera limaiwala mbali, n'kulandira yatsopano. Mukamajambula, tengani mashoti otere ambiri: manja, mapazi, chingwe, madzi, nkhope za okwera. Pa laputopu ndi amene adzakuomboleni.

Mawu ndiye theka la ntchito, ndipo ndi pomwe ambiri a ife timagwera. Chigwa chino sichikhala chete. Mwezi wa Okutobala nyenje zimalira tsiku lonse, dzinja achule, pamsika chigayo ndi njinga zamoto, kumtsinje mphepo. Mukalumikiza shoti yojambulidwa chigayo chikulira ndi ina chitazima, khutu limamva msoko ngakhale diso lisauone. Malo aliwonse amene mwajambula, pemphani anthu akhale chete mphindi imodzi, mutepe phokoso la malowo lokha, mudzaliyale pansi pa chigawo chonse. Chinanso, mawu ndi chithunzi siziyenera kusinthira pamodzi. Mu filimu ya bwato ija, phokoso la gombe la kutsidya, mabelu a kabaza ndi amayi ogulitsa nsomba, limayamba kumveka tikadali pa nkhope ya wopalasa, chithunzi cha gombelo chisanabwere. Akatswiri amati J-cut. Mawu a shoti yakale akapitirira pa chithunzi chatsopano amati L-cut. Yesani pa zokambirana za anthu awiri: musamangoonetsa amene akuyankhula, nthawi zina tionetseni amene akumvetsera. Kawirikawiri nkhani imakhala pa nkhope ya womverayo.

Za jump cut, kudula kodumpha mkati mwa shoti imodzi, achinyamata a pa TikTok amaganiza kuti anayambitsa ndi iwo. Jean-Luc Godard wa ku France anazitchukitsa mu 1960. Pa kanema wa iwe mwini ukuyankhula ndi foni, n'zabwino, zimachotsa chibwibwi. Koma pa munthu wamkulu ndimakana. Bambo a bwato aja ankayankhula Chisena, mosafulumira, ndipo asanatchule za chaka chomwe madzi anatenga mnzawo, anakhala chete nthawi yaitali, akukanda m'mphepete mwa bwato ndi chala. Mnzanga amene amandithandiza anati tichotse, masekondi akuwonongeka. Ndinakana. Kukhala chete kuja ndi mbali ya zomwe ananena. Komanso mawu olembedwa m'munsi, omasulira Chisena kupita m'Chichewa kapena m'Chingerezi, amafuna nthawi yoti munthu awerenge n'kubwezanso maso pa nkhope. Mukadula mothamanga, woonera amangowerenga, munthu osamuona.

Zing'onozing'ono za kuno zomwe a pa YouTube sangakuuzeni. Kukatentha mpaka kupyola madigiri 40, monga zimachitikira ku Ngabu ndi ku Nsanje chilimwe chikafika pachimake, laputopu imayamba kukwawa, nthawi zina kuzima yokha. Ine ndimaedita mbandakucha kapena usiku, nditaiika pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi. Pangani ma proxy, timakope topepuka ta mashoti anu, kuti makina asalemedwe, ndipo zenizenizo zidzalowe potulutsa pomaliza. Jambulani pa mafulemu (zithunzi) 25 pa sekondi, osati 30 yomwe mafoni ambiri amabwera nayo, chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi) ndipo mababu a m'holo ya ukwati amatha kuphethira pa kanema. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuzima kwa magetsi kunatenga miyezi yambiri. Kuyambira pamenepo ndimasunga ntchito pafupipafupi ngati kupuma. Hard drive zosungiramo mafayilo anu zikhale ziwiri, ina ikhale kwa m'bale wa kumtunda, yokulungidwa m'pulasitiki. Dzinja la kuno silidziwa kuti muli filimu.

Mukamaliza, musathamangire kuika pa intaneti. Filimu ya bwato ndinaipititsa kwa mwini nyumba ya vidiyo ina ku Bangula, ndinamupempha aiike akarati asanayambe. Ndinakhala pakona, kutsogolo, nditafulatira sikirini, ndikuyang'ana anthu. Musawafunse ngati yawasangalatsa. Anthu a kwathu ndi aulemu, onse adzati ili bwino. Onani pomwe ayamba kucheza, pomwe wina watuluka, pomwe aseka musanayembekezere. Pa kukhala chete kwa bambo aja palibe anasuntha. Koma chigawo chomwe ine ndinkachinyadira kwambiri, cha dzuwa likutuluka pamwamba pa mabango, chomwe ndinadzukira usiku kukachijambula, anyamata a kumbuyo anayamba kufunsana za mpira. Kwa iwo limenelo ndi dzuwa la tsiku lililonse. Ndinachifupikitsa kwambiri. Mnzanga uja mpaka pano amati ndinalakwitsa, chifukwa tikadzaitumiza ku mipikisano ya kunja, azungu dzuwa lomwelo ndi lomwe adzalikonde. Mwina akunena zoona. Takambirana kuti tikadzapeza ndalama yolembetsera tidzapanga mtundu wachiwiri, iye adzadule yekha, kenako tidzaonetse yonse iwiri pa Bangula pomwepo tsiku la msika.